Tsiku la pa sikelo ya mabotolo

Lachitatu. Mvula yagwa usiku wonse, ndipo ku Kanyama, komboni ya mu Lusaka, ngalande zatsekeka ndi mabotolo apulasitiki mpaka madzi kusefukira m'misewu. Pamalo ena ogulira mabotolo otolatola, azimayi ayamba kufika ndi masaka awo m'mamawa.

Sikelo isanagwire ntchito, pamayamba kusankha. Pansi pa botolo pamakhala nambala m'kati mwa kachizindikiro ka makona atatu. Nambala 1 ndi PET, ya zakumwa ndi madzi. Nambala 2 ndi HDPE, ya zigubu zolimba zija. Ziwirizi sizilowa thumba limodzi. Zivindikiro nazonso ndi pulasitiki ina: kufakitale akaphwanya mabotolo n'kuthira m'madzi, PET imamira pomwe zivindikiro zimayandama. Yovuta ndi nambala 3, PVC, chifukwa imamira limodzi ndi PET, ndipo ikasakanikira ngakhale pang'ono, posungunula imapsa n'kudetsa katundu yense.

Masaka awiri abwezedwa lero. Lina linali ndi mabotolo a saladi osakaniza ndi a madzi, ndipo mafuta sachoka msanga potsuka, amatsitsa mtengo. Lina linali la makatoni onyowa, omwe amalemera ndi madzi chabe kenako n'kuola m'kati mwa belo. Amayi a saka la saladi anakhala pansi n'kuyambanso kusankha limodzilimodzi. Kuti kilo imodzi ikwane pamafunika mabotolo a 500 ml pafupifupi 40 kapena 50, ndiye saka likabwezedwa ndi thukuta la maola ambiri.

Apa ndi pomwe makampani akuluakulu amalowa. Mu 2015 Zambian Breweries inayambitsa pulogalamu ya Manja Pamodzi m'makomboni a Lusaka, kulumikiza otola ndi malo ogulira. Mu 2018 boma linatulutsa lamulo la SI 65, loyang'aniridwa ndi ZEMA, bungwe loona za chilengedwe, lopatsa opanga katundu udindo pa zinyalala zochokera ku zomwe agulitsa, komanso loletsa matumba apulasitiki opyapyala osafika mamaikironi 30. Zonsezi n'zabwino, koma tsiku losesa m'misewu atavala masikipa a kampani silisintha zambiri. Chomwe otola akufuna ndi wogula wokhazikika. Mtengo wa mafuta a m'nthaka, omwe amapangira pulasitiki, ukatsika pa msika wa dziko lonse, pulasitiki yatsopano imatchipa, mafakitale amachepetsa kugula yakale, otola amagwa ulesi, mabotolo n'kuthera kumalo otayira zinyalala a Chunga kapena m'ngalande. Kampani yomwe yalonjeza kuika pulasitiki yakale m'mabotolo ake atsopano chaka chonse imasunga mtengo wa pa sikelo. Kapangidwe ka botolo nakonso kali m'manja mwawo. Botolo loonekera m'kati limagulidwa bwino kuposa lobiriwira kapena lakhofi, ndipo chikwangwani chomatidwa ndi guluu wosachoka chimaononga katundu wabwino.

Nkhaniyi ikukhudzanso moyo wa anthu. Ngalande ikatsekeka, madzi amalowa m'zimbudzi zokumba n'kufika ku zitsime zosaya, ndipo tonse tikukumbukira momwe bwalo la masewero la Heroes Stadium linasandukira chipatala cha kolera mu Januwale 2024.

Masana magetsi azima, makina opanikizira mabelo aima. Lole yabwera koma yabwerera yopanda kanthu, chifukwa mabotolo osapanikiza amadzaza lole yonse ali opepuka, ndalama yake yosakwana n'kugulira dizilo. Otola auzidwa kuti mawa abwere nawo atawaponda kale.