Amene ankalipira Hank Jones

Aphunzitsi anga a piyano ali ndi njira yawoyawo yophunzitsira mbiri ya jazz. Safuna kuti munthu uloweze mayina a zimbale kapena zaka zimene oimba adalandira mphoto. Amakupatsa dzina la woimba mmodzi, nkukutuma kukafufuza chinthu chimodzi basi: munthuyu ankamulipira ndani, kuyambira ali mnyamata mpaka tsiku limene adaweruka padziko? Ine anandipatsa Hank Jones, ndipo zimene ndapeza zandisintha kaganizidwe pa ntchito imene ndikuiphunzirayi.

Jones adabadwa mu 1918 ku Vicksburg, ku Mississippi, koma adakulira ku Pontiac, ku Michigan. Bambo ake anali dikoni wa mpingo wa Baptist, ndipo nyimbo za jazz sankazikonda. Komabe m'nyumba yomweyo mudatuluka akatswiri atatu: Hank wa piyano, Thad wa lipenga, ndi Elvin wa ng'oma uja adadzaimba ndi John Coltrane. Hank adayamba kuimbira ndalama ali ndi zaka 13. Mu 1944 adafika ku New York nkulowa m'gulu la Hot Lips Page. Mu 1947 adayenda ndi Jazz at the Philharmonic, makonsati oyendayenda a akatswiri a jazz, kenako kuyambira 1948 mpaka 1953 ntchito yake inali kuimbira piyano Ella Fitzgerald. Mu 1958 timamupeza pa chimbale cha Cannonball Adderley momwe mulinso Miles Davis. Apa ndiye pamabwera zaka zimene okonda jazz ambiri amazidumpha: kuyambira 1959 mpaka 1975 Jones anali wolembedwa ntchito ku CBS, kampani youlutsa mawu ya ku America, kuimbira piyano mapulogalamu a wailesi ndi a kanema. Pa 19 May 1962, pamene Marilyn Monroe ankaimbira John F. Kennedy nyimbo yomufunira zabwino pa tsiku lake lobadwa ku Madison Square Garden, amene anali pa piyano ndi yemweyu. Usikuwo aliyense amaukumbukira, koma ndi angati amafunsa kuti ankaimba piyano ndani?

Mukaika zaka zonsezi pamzere, muona kuti gawo lalikulu la moyo wake mkuluyu adalithera kumbuyo kwa anthu ena. Gulu limene lidamutchukitsa monga mtsogoleri, Great Jazz Trio, momwe munali Ron Carter ndi Tony Williams, lidayamba kujambula mu 1976, iye atayandikira zaka 60. Alipo amene amati zaka za ku CBS zija zidangotayika. Ine ndikukana. Kumeneko munthu amafika m'mawa, amupatsa pepala la nyimbo imene sanaionepo, nkuti aimbe pomwepo. Woimba wina abwera, akuti kiyi iyi yandikwerera, tsitsani. Wovina abwera, akufuna liwiro lina. Wosakhoza zimenezi mawa samuitananso. Munthu wopirira zaka zoposa 15 pamalo otere zala zake sizichita mantha ndi kiyi iliyonse, ndipo makutu ake amamva kumene woimba akulowera asanafikeko.

Kumva kumeneku ndiye phunziro limene likundidyera nthawi. Ine kiyibodi ndidaiphunzira kumpingo, ku CCAP, monga anzanga ambiri ana a Chichewa muno mu Harare. Kumpingo woimba kiyibodi ndiwe gulu lonse: dzanja lamanzere limagunda besi, lamanja limadzaza ma chord (manotsi angapo oimbidwa pamodzi), ndipo ukasiya mpata anthu amacheuka poganiza kuti magetsi apita. Mu gulu la jazz besi ili ndi mwini wake. Ukalowa m'munda mwake ndi dzanja lamanzere, phokoso la pansi limasanduka matope. Choncho aphunzitsi adandilanda manotsi onse, nkundisiyira awiri okha pa chord iliyonse, yachitatu (3) ndi yachisanu ndi chiwiri (7) kuwerengera kuchokera pa noti ya pansi.

Amene muli ndi kiyibodi pafupi yesani izi mu kiyi ya C. Pa D minor 7 gwirani F ndi C. Pofika pa G7 musasunthe F uja, koma C atsike pang'ono kukhala B. Pofika pa C major 7 siyani B pomwepo, F atsike kukhala E. Chala chimodzi chokha ndicho chikuyenda nthawi iliyonse, ndipo chikungosendera pa noti yoyandikana nayo. Manotsi a pansi, D, G ndi C, simunawakhudze nkomwe, koma wa besi akawaika khutu limamva ulendo wonse. Kayendedwe aka, kamene oimba amakatchula ii-V-I, kamapezeka m'nyimbo zambirimbiri za jazz, kaya ndi zija za ma bar 32 (bar ndi kachigawo ka nyimbo kowerengedwa ndi kugunda) kaya ndi blues ya ma bar 12 yokometseredwa. Ndinadabwa kuti chinthu chochepa chotere chimamveka chodzaza kuposa zala zonse khumi. Chifukwa chake n'chakuti manotsi awiri aja ndi amene amauza khutu ngati chord ili major, minor kapena dominant. Enawo ndi zokongoletsa.

Vuto limabwera poti zimenezi uyenera kuzidziwa m'makiyi onse 12, popanda kuganiza. Ife akumpingo tili ndi bwenzi lathu lapamtima, batani la transpose. Umaimba zonse mu kiyi imodzi imene udaizolowera, makina nkumakusinthira. Nditawafunsa aphunzitsi ngati n'kulakwa kuligwiritsa ntchito, anaseka.

"Si tchimo ayi, mwana wanga. Koma tsiku lina akakuitana ku hotela, ukapeza piyano yeniyeni ya zingwe. Ukalifune batanilo pa makiyi 88 oyera ndi akuda aja, ukandiuze pamene lili."

"Nanga abambo, makiyi enawa timawaimba liti?"

"Ukakumana ndi wa saxophone. Iye amakonda B flat, E flat ndi F. Wa gitala akufuna E ndi A. Mayi woimba uja akufuna kiyi imene mawu ake adzuka nayo lero. Onsewa amene amawasamala ndi iwe."

Mawu akuti kusamala anandikhala. Akumpingo mundikhululukire pa fanizo ili, koma amene mudaonerapo gule ku Mufakose kapena ku Mbare mukudziwa kuti woimba mbalule maso ake sakhala pa ng'oma, amakhala pa mapazi a amene akuvina. Woimbira mnzake piyano nayenso ali chimodzimodzi. Amamvetsera pamene woimba apumira, nkuyankha pampata pomwepo, osati pamwamba pa mawu ake. Mvetserani Jones ali kumbuyo kwa munthu: sagunda mwamphamvu, ndipo nthawi zina amadutsa bar yonse osakhudza kanthu. Kudziletsa kotereku n'kovuta kuposa kuthamangitsa zala, chifukwa manja a wophunzira amayabwa kufuna kuonetsa zimene aphunzira dzulo.

Tsono funso la aphunzitsi lija ndalitembenuzira kuno. Woimba piyano wa jazz mu Harare amamulipira ndani? CBS yathu ili kuti? Kale, mzindawu ukadali Salisbury, nyimbo za m'makomboni zinkalira ku Stodart Hall ndi ku Mai Musodzi Hall ku Mbare, ndipo agogo athu ochokera ku Nyasaland anali m'gulu la ovina. Ngakhale Daniel ndi Donald Kachamba adakhalako muno ali ana, ndipo kwela imene adapita nayo ku Chileka adaimvera kuno. Pambuyo pake kudabwera malo monga Mannenberg ku Fife Avenue ndi Jazz 105, kumene woimba ankadziwa kuti sabata ikatha pali siteji yomudikira. Malo awiriwa adatsekedwa, ndipo Book Café, imene malemu Paul Brickhill adayambitsa, idatseka zitseko mu 2015. Lero wa piyano amasonkhanitsa moyo wake pang'onopang'ono: Lachisanu kumalo odyera ku Avondale kapena ku Borrowdale, Loweruka ku ukwati, Lamulungu kumpingo, mkati mwa sabata kuphunzitsa ana a eni ake amene akukonzekera mayeso a nyimbo a ABRSM, mwinanso ku studio kukaimbira wa gospel amene dzina lako sadzalilemba paliponse. Kiyibodi umayenda nayo pa kombi ndipo imalipira mpando wakewake. Usanavomere ntchito umafunsa ziwiri: malipiro ndi a madola kodi, nanga jenereta ilipo?

Zimenezi kale ndinkaziona ngati chizindikiro choti munthu walephera kutchuka. Nditawerenga za Jones ndaona kuti umenewu ndiye moyo weniweni wa ntchitoyi, ngakhale ku New York komwe. Kusiyana kwake n'kwakuti iye zonsezi ankazipeza pansi pa denga limodzi ndi malipiro okhazikika, pamene kuno umazitola m'malo asanu, ndipo ukadwala palibe chimene chimalowa.

Pali mfundo imodzi imene ine ndi aphunzitsi sitinamvane. Iwo amati wophunzira ayambe wakhala wantchito wodalirika, mawu akeake adzabwera okha. Ine ndikawakumbutsa Abdullah Ibrahim, amene adabadwa mu 1934 ku Cape Town. Ameneyu sadadikire. Adatenga marabi, nyimbo za m'makomboni a ku South Africa za ma chord atatu obwerezabwereza, pamodzi ndi nyimbo za kutchalitchi kwa agogo ake, nkuziika pa piyano mopanda manyazi, ndipo Duke Ellington atamumva ku Zurich mu 1963 adamuthandiza kujambula. Muno momwe Filbert Marova wakhala akusamutsira kaimbidwe ka mbira pa piyano, manja awiri kumalukana monga amachitira oimba mbira awiri. Ndikamva zotere ndimafunsa kuti chifukwa chiyani ine nditaye zaka ndikuloweza nyimbo za ku Broadway, pamene kwathu kuli zake? Aphunzitsi amangoti onsewa adayamba adziwa chida chawo, ndipo pamenepo sindingawatsutse. Koma ndikuonabe kuti muno, kumene kulibe kampani yokulemba ntchito zaka 15, munthu sungadikire kukalamba kuti uyambe kuimba zako. Ziwirizi ziyenera kuyendera limodzi.

Chodabwitsa n'chakuti Jones yemweyo, mu 1995, chaka chimene adakwanitsa zaka 77, adatulutsa chimbale cha nyimbo zauzimu ndi zakumpingo ali awiri okha ndi Charlie Haden wa besi, ndipo chaka chomwecho adajambulanso ndi Cheick Tidiane Seck wa ku Mali. Mwana wa dikoni uja adabwerera ku nyimbo za bambo ake, nkuziimba mosavuta, osazipotoza. Adapitiriza kugwira ntchito mpaka chaka chimene adamwalira, 2010, ali ndi zaka 91.

Chifukwa cha chimbale chakumpingo chija, ntchito imene ndadzipatsa miyezi ino ndi kutenga nyimbo imodzi m'buku lathu la nyimbo, nkuiyendetsa m'makiyi onse ndi manotsi awiri aja. Pamenepa ndakumana ndi chinthu chimene mabuku a jazz sakamba. Nyimbo zathu zakumpingo zidalembedwa m'mawu anayi, ndipo amayi a alto ndi abambo a tenor ali ndi manotsi awo amene adawaloweza kalekale. Woimba jazz ali yekha angathe kusintha chord pansi pa nyimbo monga afunira, koma pamaso pa mpingo sizitheka, chifukwa noti yachisanu ndi chiwiri imene iwe ukuikonda ikhoza kugundana ndi imene alto akuimba. Choncho ndayamba kulemba mawu anayi onse papepala, nkumayang'ana malo amene palibe amene ndingamuponde. Malowo ndi ochepa: kumapeto kwa mzere pamene mpingo ukupuma, pakati pa ndime ndi ndime, ndi poyambira nyimbo anthu asanalowe. Mu G ndi mu F zayamba kuyenda. Sabata ino aphunzitsi akufuna kuimva mu D flat, ndipo ati abwera ndi mnzawo wa besi kuti aone ngati dzanja langa lamanzere lasiya kulowerera ntchito ya eni ake.