Kuseri kwa galasi la ku banki kuja

Ndinagwirako ntchito ya u teller zaka zingapo ndipo mpaka lero ndikamva munthu pa mzere akuti "ana awa ndi aulesi" mtima umandipweteka. Zomwe zimachitika kuseri kwa galasi lija ambiri simuzidziwa.

Tangoganizani netiweki yakhala ikudukaduka kuyambira m'mawa, makina owerengera ndalama akukana ma noti akutha aja ndiye ukuwerenga pamanja, mpando ndi wothyoka msana uli waa, lanchi sunadye poti mnzako sanabwere ndipo palibe wokulandira, kenako supavaiza abwere azakukalipire makasitomala akuona. Pofika nthawi yobalansa, yoona ngati ndalama zomwe uli nazo zikugwirizana ndi zomwe zili mu sisitimu, mutu umakhala utatentha kale. Tsiku lina ndinapeza shoteji, ndalama zinaperewera, ndinawerenga katatu manja akunjenjemera, kumapeto zinapezeka kuti depoziti imodzi ndinailowetsa kawiri nthawi imene sisitimu inaima ija. Funso loyamba la abwana linali loti ndalama waziika kuti, sanafunse nkomwe kuti tsiku layenda bwanji.

Koma chomwe chimaononga kwambiri ndi mantha. Munthu wamantha amabisa zolakwika, ndipo ku banki cholakwika chobisidwa chimakula. Nkhani ya banki ya Wells Fargo ku America ija ndi imeneyi, anthu anapatsidwa ma tageti osatheka, aliyense akuopa kuchotsedwa ntchito, mpaka anayamba kutsegula ma akaunti eni ake osadziwa. Mu 2016 bankiyo inalipitsidwa madola 185 miliyoni ndipo antchito pafupifupi 5,300 anali atachotsedwa. Sindikuwaikira kumbuyo ayi, zomwe anachita ndi zolakwika, koma anthu ochuluka chonchi sangangodzuka onse nkukhala achinyengo popanda chowakankha kuchokera kumwamba.

Ife zinasintha atabwera manijala wina, mayi ofatsa koma osasekerera zibwana. Anakonza zoti aliyense azipuma ndithu mosinthana, mipando inagulidwa, ndipo akafuna kukudzudzula amakuitanira mu ofesi chitseko chili chotseka. Ukalakwitsa umathamanga wekha kukanena zisanafike patali chifukwa umadziwa kuti ayamba akumvetsera kaye. Malipiro anali omwe aja, anthu tinali omwe aja, koma ma shoteji anachepa ndipo madzulo timaweruka kusanade. Kumapeto kwa mwezi mzere ukafika pakhomo mayi aja amatuluka mu ofesi nkuyamba kuthandiza makasitomala kulemba ma fomu, ife tikupitiriza pa kauntala.