Tsiku limene Excel inatuma apongozi anga padenga

Amene anandilowetsa m'mavuto ndi mnyamata uja anatiphunzitsa kompyuta ku Senga Bay. Kuntchito kwathu, komwe timagula mpunga kwa alimi, anatitumiza kumaphunziro a masiku atatu, ndipo mnyamatayo, tayi ali pakhosi kunja kukuotcha chonchija, anatiuza kuti palibe chinthu padziko pano chimene chingakane kulowa mu Excel, pulogalamu ya pakompyuta yolembera zinthu m'mizere ndi m'makolamu. Anati tsamba limodzi lokha lili ndi mizere 1,048,576. Nditamva nambala imeneyi maganizo anathawira kunyumba kwanga, ndipo ndinati chamumtima: mavuto anga ndi ambiri, koma miliyoni safika. Akwana.

Ndisabise, ine ndine munthu wa mawamawa. Denga la kuchipinda kwa ana linayamba kudontha dzinja lapitalo, ndinati ndidzamata mvula ikatha. Mvula inatha mu Epulo. Apa n'kuti uli Okutobala, mwezi umene ku Salima kuno ngakhale nkhuku zimayenda kukamwa kuli yasa, mvula ina ili pakhomo, denga likadali ndi maso ake atatu oyang'ana kumwamba.

Ndiye ndinabwereka laputopu ya kuntchito, n'kukhala nayo pakhonde. Kolamu A ndinalemba nthawi, B ntchito, C wochita, D funso lakuti yatheka kapena ayi. Vuto linayambira pa masiku. Mnyamata uja anationetsa kuti ukalemba Monday n'kukoka kakona ka bokosilo, kompyuta imamaliza yokha mpaka Sunday. Ine monga Mchewa ndinalemba Lolemba, n'kukoka. Inandipatsa Lolemba kasanu ndi kawiri. Sabata yotere ndi temberero, moti masiku enawo ndinachita kulemba limodzilimodzi.

Koma zitayamba kuyenda zinakoma, abale. Ukalemba Inde, bokosi limasanduka biliwiri. Ukalemba Ayi, limafiira psuu. Ndinaika COUNTIF kuti iziwerenga ma Inde a munthu aliyense n'kumupatsa mapesenti ngati kusukulu. Mayi akunyumba anapeza awo, mlamu wanga amene timakhala naye anapeza ake, mpaka mzime wathu wa zaka 4 amene ntchito yake inali yothamangitsa nkhuku pampunga woyanika. Pa dzina langa pokha panatuluka #DIV/0!. Ndinavutika nazo usiku wonse, kenaka ndinazindikira kuti kompyuta ikukana kugawa nambala ndi ziro, ndipo ziroyo anali ntchito zanga. Ndinali nditagawira aliyense, ine n'kudziiwala.

Ndinakonza mwachangu. Ndinadzipatsa ntchito yakuti “kukonza tebulo la ntchito”, kunena ndandanda ya mu Excel yomweyi, tsiku lililonse 9 koloko usiku, ndipo tsiku lililonse ndinkalemba Inde. Sabata itatha ndinali pa 100. Mayi akunyumba, amene amadzuka kusanache, kuphika, kuchapa, kusesa, anali m'munsi mwanga chifukwa masiku ena ndinkaiwala kuwalembera. Nditawaonetsa anayang'ana kanthawi, manja ali ndi thovu la sopo.

“Abambo, kodi kompyuta yanuyi siingakwereko padenga?”

Sindinayankhe. Anthu ambiri otsogola sankamvedwa kwawo.

Lachitatu panabwera foni yakuti apongozi anga akubwera Lachisanu kuchokera ku Nkhotakota. Mayi amenewa anaphunzitsa kupulayimale zaka zambirimbiri asanapume, ndipo ali ndi khalidwe lakuti chilichonse chomatidwa pakhoma amachiwerenga mpaka pansi, magalasi ali pamphuno. Ndinaona kuti mwayi wanga ndi umenewu. Ndinakonza tsamba lapadera la Loweruka. Pamwamba penipeni ndinaika ntchito zanga, zenizeni tsopano: 5 koloko kutunga madzi kumjigo, 6 koloko kutsuka chimbudzi, 7 koloko kukwera padenga kukamata podontha. Pansi pake ndinaika za mlendo wathu, mwaulemu wonse: 8 koloko kumwa tiyi ndi zitumbuwa, 9 koloko kupuma pamkeka pansi pa mango, 10 koloko kucheza ndi zidzukulu. Kenaka za ena onse. Ndinkafuna akabwerera kwawo akanene kuti mwana wawo anapeza mwamuna wadongosolo.

Zikanathera pamenepo bwenzi lero ndilibe nkhani. Koma Lachisanu, patatsala pang'ono kuweruka, ndinaona kuti maina akanakoma atandandalikidwa kuyambira A mpaka Z. Ndinasankha kolamu C yokhayokha, n'kudina pa Sort. Panatuluka kabokosi kofunsa m'Chingerezi ngati ndikufuna kutengera makolamu enawo limodzi kapena kupitiriza ndi yokhayo ndasankhayo. Za kabokosi kameneka mnyamata uja anachenjeza ndithu, koma inali nthawi yoyandikira nkhomaliro, fungo la chambo chootcha likulowera pawindo. Ndinadina chachiwiricho, poti mawu akuti kupitiriza amamveka achitukuko. Ndinasindikiza, n'kupinda pepala osaliyang'ana, n'kuthamangira pa Kamuzu Road kukachingamira minibasi.

Apongozi anatsika ndi katundu wa munthu wokonda ana ake: ufa wa kondowole, nsomba zouma zimene anagula podutsa pa Chia, ndi kathumba ka mpunga, ngati kuti ine sindigwira ntchito ya mpunga. Tinakweza zonse pa makabaza awiri. Pofika kunyumba magetsi anali atathima, ndiye pepala lija ndinalimata pachitseko cha kukhitchini mumdima, ndi selotepi, mopapasa.

Usiku umenewo kunatentha kosagoneka. Tulo tinandipeza cha m'ma 3 koloko, ndipo alamu ya pafoni ndinaizimitsa osadziwa. Chinandidzutsa ndi phokoso la burashi, kwee kwee kwee, kuseri kwa nyumba. Kunja kunali kutayera kale. Ndinatuluka ndi kabudula wogonera.

Ndinakumana nawo akuchokera kuchimbudzi, chitenje atamanga cholimba m'chiuno, ndowa kudzanja lina, burashi kudzanja lina. Pakhonde panali zigubu zinayi, zonse zodzaza.

“Mwadzuka bwanji, apongozi?” anandipatsa moni iwo, mawu ali ofatsa bwino. “Madzi ndatunga, uku ndatsukako. Ndimati ndifunse nawo makwerero. Pepala lanu likuti 7 koloko ndikhale ndili padenga.”

Ndinathamangira pachitseko paja. Maina anali atayenda, ntchito zitakhala pomwe zinali. Dzina la Apongozi, poti limayamba ndi A, linali litakwera pamwamba n'kutenga ntchito zanga zonse zitatu. Lotsatira linali Ine: tiyi ndi zitumbuwa, kupuma pamkeka, kucheza ndi zidzukulu. Ndilibe chidzukulu ine. Pansi penipeni mzime wathu anali atapatsidwa yokalipira lendi kwa alandilodi ndi yokonza tebulo la ntchito. Ndipo m'kolamu D, pa mizere iwiri yoyamba, panali patalembedwa kale Inde ndi bolopeni yofiira, zilembo zowongoka zauphunzitsi.

Ndinayamba kufotokoza za kolamu C. Ndinanena za kabokosi. Ndinafika mpaka ponena za chambo. Apongozi ankangogwedeza mutu ngati akumvera mwana amene akuti homuweki yadyedwa ndi mbuzi. Ndinatembenukira kwa mayi akunyumba, amene anali pambaula akukupiza moto, mapewa akugwedezeka.

“Inu simunaone pepalali?”

“Ndinaliona 4 koloko, abambo. Ndowayo ndawabwereka ndine. Ndimaopa kusokoneza mapesenti.”

Kumjigo anali atakumana ndi amayi a m'dera lonse, ndipo atafunsidwa chifukwa chake mlendo akutunga madzi usikusiku, anayankha zoona zokhazokha, kuti mkamwini wawo walemba pakompyuta. Pofika 7 koloko, amayi a nyumba yoyandikana nafe ankasesa pamalo amodzimodzi pafupi ndi mpanda, ndipo ndinawamva akuuza tsache lawo kuti mkamwini asamakule mwendo.

Za padenga ndinawagwadira, anavomera kundisiyira. Koma anati zinazo zitsatidwe monga zalembedwera, chifukwa pasukulu pawo ndandanda ikakhomedwa sinkasinthidwa ndi pakamwa. 8 koloko itakwana anayala okha mkeka pansi pa mango, kumaso kwa nyumba, poonekera kumsewu. Anandikhazika. Anabweretsa tiyi ndi zitumbuwa pambale, n'kubwerera kukathandiza mwana wawo kutsuka mapoto. Ndinakhala maola awiri athunthu, miyendo nditatambasula, aliyense pakhomo akugwira ntchito. A kabaza ankachepetsa liwiro akafika pathu. Tiyi wowawa ngati ameneyo sindinamwepo, chikhalirecho shuga anathira masupuni atatu. Ya zidzukulu anandikhululukira, anati adzalemba Inde nthawi yake ikadzakwana.

Padenga ndinakwera 11 koloko, dzuwa la Okutobala lili paliwombo, malata akuotcha ngati chiwaya cha tchipisi. Phula silinafune n'komwe moto, linkasungunuka lokha m'chitini. Makwerero ndinakabwereka kwa amayi a tsache aja, ndipo amene anawagwirizira pansi anali apongozi, bolopeni yofiira ili kukhutu. Mabowo atatu amene ndinawazengereza miyezi isanu ndi umodzi anatha m'mphindi makumi anayi. Mawondo anatuluka matuza.

Lolemba ndinatsegula laputopu n'kudina Ctrl ndi Z kakhumi konse, koma fayilo ukaisunga n'kuitseka, zobweza m'mbuyo zimathera pomwepo. Pepala lenilenilo pachitseko panalibe. Ndinali nditaliona Lamulungu masana pokwerera minibasi, litapindidwa bwinobwino mkati mwa buku lawo la nyimbo.

Dzulo mlamu wanga wamkulu waimba foni kuchokera ku Nkhotakota. Akuti lamatidwa pabalaza, pafupi ndi kalendala ya kutchalitchi, ndipo akufunsa ngati pa Khirisimasi ndibwere ndi laputopu, poti kumeneko nakonso kuli denga.