Momwe ndimakonzera lipoti la zachuma la pakati pa chaka

Kampani ikakhala pa msika wa masheya, eni masheya sadikira chaka chithe kuti adziwe momwe ndalama zawo zikuyendera. Pakati pa chaka pamatuluka lipoti lofupikitsa, kwina la miyezi isanu ndi umodzi, kwina la miyezi itatu iliyonse. Muyezo womwe ndimatsata pokonza lipotili ndi IAS 34, umodzi mwa miyezo ya akaunti yapadziko lonse, womwe unatuluka mu 1998 n'kuyamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 1999. Muyezowu sukakamiza kampani iliyonse kutulutsa lipoti la pakati pa chaka. Olamula zimenezo ndi msika wa masheya kapena bungwe loyang'anira misika m'dziko lomwe kampaniyo ili. IAS 34 imangolimbikitsa kuti lipoti lituluke pasanathe masiku 60 chitsekereni mabuku. Ku United States, komwe amatsata malamulo awoawo, lipoti la miyezi itatu lotchedwa Form 10-Q limafunika pasanathe masiku 40 kwa makampani akuluakulu ndi 45 kwa ang'onoang'ono, pomwe ku United Kingdom lipoti la theka la chaka amalipatsa miyezi itatu. Ndiye ndisanakhudze nambala iliyonse, ndimalemba tsiku lomaliza lotulutsira lipoti n'kuwerengera chambuyo: tsiku lokumana bodi, lokumana komiti ya odita, ndi tsiku lomwe makampani ang'onoang'ono omwe ali pansi pa kampani yathu ayenera kukhala atatumiza mabuku awo.

Zikatero ndimatsegula lipoti la chaka chathachi, pa gawo la ndondomeko za akaunti. Ndime 28 ya IAS 34 imanena mosapita m'mbali kuti ndondomeko za lipoti la pakati pa chaka zikhale zomwezo za lipoti la chaka chonse. Zosintha zololedwa ndi zokhazo zomwe zidzaonekanso m'lipoti la kumapeto kwa chaka chino. Choncho ndimafufuza zinthu ziwiri. Kodi pali muyezo watsopano wa IASB, bungwe lomwe limalemba miyezoyi, womwe wayamba kugwira ntchito chaka chino? Ngati ulipo, umalowa m'lipoti la theka la chaka, sudikira Disembala. Kodi bodi yasankha yokha kusintha ndondomeko ina? Ngati yatero, ndime 43 imafuna kuti ndikonzenso manambala a magawo a chaka chino omwe anatuluka kale, komanso a chaka chatha omwe ndikuyerekezera nawo, kuti chaka chimodzi chisayende ndi ndondomeko ziwiri.

Apa ndi pomwe mkangano umabuka kawirikawiri, chifukwa si chilichonse chosintha chomwe chili ndondomeko. Kusiya kuwerengera mtengo wa sitoko (katundu wosungidwa woti agulitsidwe) mwa FIFO, yomwe imati katundu woyamba kulowa ndiye woyamba kutuluka, n'kuyamba kuwerengera mwa avereji ndi kusintha ndondomeko, ndipo manambala akale amakonzedwanso. Koma kunena kuti makina omwe tinkati akhala zaka 10 akhala zaka 8 ndi kusintha chiyerekezo chabe. Pamenepo IAS 8 imati zakale zisiyeni, depreciation yatsopano (gawo la mtengo wa makina lomwe limachotsedwa chaka chilichonse pamene akutha) iyambe pomwe mwasinthirapo kupita m'tsogolo. Mukasokoneza ziwirizi, mutaya sabata yathunthu kukonza manambala omwe sanafunike kukhudzidwa, kapena mubisa kusintha komwe owerenga anayenera kukuona.

Ntchito yeniyeni imayamba trial balance, ndandanda ya manambala a maakaunti onse a m'mabuku, ikabwera. Funso lomwe ndimafunsa pa mzere uliwonse ndi limodzi: lero likanakhala tsiku lomaliza la chaka, ndikanalemba chinthuchi m'mabuku? Ngati yankho ndi ayi, pa 30 Juni sindichilembanso. Zikumveka zophweka, koma akuluakulu a kampani amafuna theka loyamba ndi lachiwiri zioneke zofanana, ndipo pempho loti tigawe ndalama zina mofanana m'miyezi yonse limabwera chaka ndi chaka.

Tengani kampani yomwe malonda ake ambiri amachitika kumapeto kwa chaka. Theka loyamba limaoneka louma, mwina n'kuluza kumene. Ndime 37 ya IAS 34 imaletsa kukoka ndalama za miyezi ikubwerayo kuti zilowe msanga, komanso kusunga za miyezi yapitayi kuti zidzaonekere m'tsogolo. Chololedwa ndi kufotokoza m'manotsi kuti bizinesiyi imayendera nyengo, ndipo muyezo umalimbikitsa kuwonjezera manambala a miyezi 12 yothera pa tsiku la lipoti, kuti wowerenga aone chaka chathunthu. Madividendi ochokera ku makampani ena amalowa pomwe ufulu wowalandira wakhazikika, onse pakamodzi.

Kumbali ya ndalama zotuluka nkhani ndi yomweyo. Fakitale ikakonza zotseka mu Okutobala kuti makina akonzedwe, sindiyika theka la mtengo wa ntchitoyo mu Juni. Cholinga chodzakonza makina si ngongole; palibe amene kampani ili naye ngongole ntchito isanagwiridwe, ndipo IAS 37 silola provision, yomwe ndi ngongole yoyerekezera yolembedwa m'mabuku, pa chinthu chomwe kampani ingathe kuchipewa. Bajeti ya maphunziro a antchito kapena ya zotsatsa malonda nayonso siyilowa m'mabuku chifukwa choti ili pa bajeti. Imalowa ikagwiritsidwa ntchito. Misonkho ina ya boma yosakhudza phindu imatsata IFRIC 21: ngati lamulo likuti msonkho umagwera kampani yomwe ikugwira ntchito pa 1 Januwale, wonse umalowa pa tsikulo ndipo theka loyamba limausenza lokha, koma ngati umadalira kufika pa mlingo wina wa malonda, sulowa mpaka mlingowo utakwana. Depreciation ndimawerengera pa katundu yemwe kampani ili naye m'miyezi imeneyo, osati makina omwe adzagulidwe mu Sepitembala. Ndalama zakunja ndimazisintha pa mtengo wa tsiku lotseka mabuku monga IAS 21 ikunenera, ngakhale aliyense m'ofesi atatsimikiza kuti mtengowo ubwerera pofika Disembala.

Bonasi ya kumapeto kwa chaka imafuna kuyang'ana bwino, chifukwa iyi nthawi zina imalowa. Ngati ili m'mgwirizano wa ntchito, kapena kampani yakhala ikupereka chaka chilichonse mpaka antchito akuyiyembekezera ndipo palibe njira yeniyeni yoyizembera, komanso kuchuluka kwake kungayerekezedwe modalirika, gawo la miyezi yomwe antchito agwira kale limalembedwa. Ngati ndi bonasi yongodalira mtima wa bodi, siyilembedwa. Kuchotseredwa mtengo komwe ogulitsa katundu amapereka mukagula zambiri kumatsata nzeru yomweyo: za m'mgwirizano, zomwe zikuoneka kuti zikwaniritsidwa, zimawerengedwa, zongoyembekezera chifundo, ayi.

Msonkho wa phindu ndi womwe umandidyera nthawi, chifukwa umawerengedwa pa chaka chonse pomwe ine ndili ndi theka. Njira yake ndi kuyerekeza peresenti yeniyeni ya msonkho ya chaka chonse n'kuyiika pa phindu la miyezi yomwe yatha. Tiyerekeze kuti kampani ikuyembekezera phindu la mamiliyoni 1,000 chaka chonse, msonkho wa m'malamulo ndi 30 peresenti, ndipo pali ndalama zotuluka zokwana mamiliyoni 100 zomwe a msonkho salola kuchotsera. Msonkho wa chaka ukhala 30 peresenti ya 1,100, omwe ndi 330. Tikagawa 330 ndi 1,000 tikupeza 33 peresenti. Ngati phindu la theka loyamba ndi 400, msonkho wolemba ndi 132, osati 120 yemwe angatuluke mutangotenga peresenti ya m'malamulo. Kwa kampani yotulutsa lipoti miyezi itatu iliyonse, kuwerengera kumayambira pa chiyambi cha chaka nthawi zonse. Kotala yoyamba phindu linali 200, msonkho 66. Pofika Juni chiyerekezo chatsika kufika 31 peresenti, ndipo phindu la miyezi isanu ndi umodzi ndi 400. Msonkho wonse mpaka pano ndi 124, ndiye kotala yachiwiri imatenga 58. Kotala yoyamba siyitsegulidwanso.

Zolakwika pa msonkho zimachokera kawirikawiri m'malo atatu. Gulu la makampani logwira ntchito m'mayiko angapo likaphatikiza mayiko onse n'kupanga peresenti imodzi, dziko lomwe likuluza limasokoneza chiwerengero, choncho momwe kungathekere ndimawerengera dziko lililonse palokha. Peresenti yatsopano yomwe yangolengezedwa koma sinafike pokhala lamulo siyigwiritsidwa ntchito. IAS 12 imafuna yomwe yavomerezedwa kapena yatsala ndi mwambo chabe pofika tsiku la lipoti. Chachitatu ndi bajeti yakale. Peresenti yowerengedwa pa bajeti ya Januwale pomwe malonda agwa mu Epulo ndi nambala yabodza, ndiye ndimapempha chiyerekezo chatsopano cha chaka chonse ndisanayambe.

Penshoni ya mtundu wa defined benefit, yomwe kampani imalonjezeratu kuchuluka kwa ndalama zomwe wopuma ntchito adzalandire, siyifuna kuitana akatswiri kuti awerengenso zonse. Ndimagwiritsa ntchito mlingo womwe anawerengera kumapeto kwa chaka chatha, pokhapokha chiwongoladzanja pa msika chitasintha kwambiri kapena antchito ambiri atachotsedwa.

Sitoko nthawi zambiri sawerengedwa yense m'nyumba zosungiramo katundu pakati pa chaka, ndipo muyezo umalola kudalira kwambiri ziyerekezo. Chomwe sichiloledwa ndi kusiya katundu pa mtengo wogulira pomwe mtengo womwe angagulitsidwe, kuchotsapo zolipira pogulitsa, watsika kuposa pamenepo. Amatsitsidwa pomwepo. Mtengo ukadzakweranso mu theka lachiwiri, IAS 2 imalola kubweza. Goodwill, yomwe ndi ndalama zolipiridwa pogula kampani ina kuposa mtengo wa chuma chake, ndi yosiyana, ndipo apa pamafunika kusamala kwambiri. IFRIC 10, yomwe inatuluka mu 2006, imati goodwill ikatsitsidwa m'lipoti la pakati pa chaka siyibwezedwanso, ngakhale zinthu zitasintha mwakuti pa 31 Disembala sipakanafunika kutsitsa kalikonse. Makampani awiri ofanana atha kutha chaka ndi phindu losiyana chifukwa choti ina imatulutsa lipoti kawirikawiri. Kwa ine izi sizigwirizana bwino ndi ndime 28 ija, yomwe imati kuchuluka kwa malipoti kusasinthe zotsatira za chaka, koma lamulo lili choncho. Sindiyesa goodwill yonse mu Juni. Ndimafufuza zizindikiro zomwe IAS 36 imatchula, monga kugwa kwa malonda a gawo lina, kukwera kwa chiwongoladzanja, kapena mtengo wa masheya onse a kampani kutsika kuposa chuma chake cha m'mabuku. Chizindikiro chikapezeka, kuyesa konse kumachitika. Ngongole za makasitomala nazo ndimaziwerengeranso mwa IFRS 9 ndi chithunzi cha chuma cha lero, osati kungokopera peresenti ya Disembala.

Manambala akakhazikika ndimayala malipoti anayi ofupikitsa ndi manotsi. Pa zoyerekezera anthu amalakwitsa mosavuta. Balance sheet (lipoti la chuma ndi ngongole) ya 30 Juni imayerekezeredwa ndi ya 31 Disembala chaka chatha, osati ya Juni chaka chatha. Lipoti la phindu, la cash flow (ndalama zolowa ndi zotuluka) ndi la kusintha kwa chuma cha eni masheya zimayerekezeredwa ndi miyezi yomweyo ya chaka chatha. Wotulutsa lipoti kotala iliyonse amaonetsa phindu la kotalayo komanso la chiyambire chaka. Mitu yonse ndi masamu ophatikiza omwe anali m'lipoti la chaka ayenera kuonekanso, ndipo phindu la pa sheya imodzi, basic (pa masheya omwe alipo) ndi diluted (kuphatikiza omwe angadzatuluke), limakhala pansi pa lipoti la phindulo.

M'manotsi sindibwereza masamba onse a ndondomeko, poti wowerenga ali nalo kale lipoti la chaka. Chiganizo chimodzi chimakwana: ndondomeko ndi njira zowerengera ndi zomwezo za lipoti lapitalo, kupatula zakutizakuti, n'kufotokoza chomwe chasintha ndi ndalama zomwe chakhudza. Kenako ndimadutsa ndime 15B ndi 16A mzere ndi mzere: ngongole zatsopano ndi zobwezedwa, masheya atsopano, madividendi olipiridwa, magawo a bizinesi, makampani ogulidwa kapena ogulitsidwa, milandu ya kukhoti yomwe yatha, malonda ndi anthu kapena makampani apachibale, pangano la ngongole lomwe laphwanyidwa, ndi zomwe zachitika mabuku atatsekedwa. Kukula kwa chinthu ndimakuyeza ndi manambala a theka la chakalo. Ndalama zokwana 30 n'zochepa pa phindu la 1,000, koma ngati theka loyamba lapeza 100 zokha, ziyenera kutchulidwa. Ndimalembanso kuti lipotili latsata IAS 34. Sindilemba kuti latsata IFRS yonse, chifukwa mawu amenewo ndi a lipoti lomwe lakwaniritsa zofunika za miyezo yonse.

Kumene maodita amafunika, ntchito yawo pa lipotili ndi review ya ISRE 2410, osati audit. Amafunsa mafunso ndi kuyerekeza manambala, n'kulemba kuti sanaone chowachititsa kuganiza kuti lipoti lalakwika. Zomwe amapempha msanga ndi pepala la msonkho lija, kafukufuku wa zizindikiro za goodwill, ndi umboni woti kampani ili ndi ndalama zopitirizira ntchito, ndiye ndimazikonzeratu asanafike.

Lipoti likatuluka ndimasunga ndandanda ya ziyerekezo zonse zomwe ndagwiritsa ntchito. Makampani ambiri satulutsa lipoti lapadera la theka lomaliza, ndipo ndime 26 imafuna kuti chiyerekezo cha mu Juni chikasintha kwambiri m'miyezi yomalizayo, lipoti la chaka linene chomwe chasintha ndi kuchuluka kwake. Pa ndandanda yomweyo ndimalembanso manambala a phindu omwe akuluakulu amakonda kulengeza kunja kwa malipoti, monga phindu lochotsapo zinthu zosabwerezabwereza. IFRS 18, yomwe inatuluka mu Epulo 2024 kudzalowa m'malo mwa IAS 1 kuyambira pa 1 Januwale 2027, ikufuna kuti manambala otere afotokozedwe m'manotsi, a lipoti la pakati pa chaka omwe. Kampani yotseka mabuku mu Disembala iyenera kuyala lipoti la theka loyamba la 2027 mwa dongosolo latsopanolo, pamodzi ndi manambala a 2026 oyerekezera atakonzedwanso.