Sipuling'i ya vayisi ya apongozi

Apongozi anga aamuna ndi osula. Chipala chawo chili pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba, kumudzi wina ukapatuka pa msewu wa ku Lundazi kuchokera ku Chipata. Makasu, nkhwangwa, zikwakwa, zonse amasulira pa chidutswa cha njanji. Koma chuma chawo chenicheni ndi vayisi, chida chopanira zitsulo. Osati tivayisi ta patebulo iti ayi, koma ija ya mwendo umodzi wautali woponda pansi, yoti ukamamenya ndi nyundo mphamvu yonse imatsikira m'nthaka. Amati inabwera kale Chipata ikutchedwa Fort Jameson, ndipo palibe amaigwira popanda iwo.

Ine ndinaigwira. Iwo anali atapita ku maliro ku Katete masiku atatu, ndipo pedulo ya njinga yanga inali itapindika. Ndinapana, ndinawongola, koma pomasula ndinangomva kuti thyo! Sipuling'i, kachitsulo kaphanthiphanthi kokhota kamene kamakhala pakati pa miyendo ya vayisi kanagwa pansi pawiri. Ntchito yake n'kukankha kamwa kuti lizitseguka lokha ukamamasula. Popanda iko umachita kukanula ndi manja ngati ukumwetsa mbuzi mankhwala.

Akuluakulu amati mkamwini asamakule mwendo. Ine ndinakula dzanja. Ndinagula bandulo, usiku wonse maso pa YouTube, kuonera mzungu wina wandevu akusula sipuling'i. M'mawa ndinapalasa mpaka ku Kapata, kwa anyamata owotcherera, n'kugula tsamba lothyoka la sipuling'i ya galimoto ya Canter. Kamlamu kanga ka Giredi 6 ndinakalemba ganyu yopukusa wilo lopemerera moto, malipiro ake maswiti.

Kusula kunayenda bwino, ndisaname. Ndinadula, ndinapsyapsyalitsa, ndinakhotetsa molingana ndi yakale ija. Chatsala n'kulimbitsa. Mzunguyo anati uotche mpaka maginito asiye kumata, pamadigiri pafupifupi 770, upitirire pang'ono, ndiye uviike m'mafuta. Maginito ndinawagwatula ndi sikuludiraiva m'sipika ya wailesi ya apongozi, imene inali itakhala chete pashelefu miyezi iwiri. Wailesi yakufa, ndinatero mumtima, ingogwirako ntchito. Za mafuta ndinaona ngati n'zodzikometsera za azungu. Madzi ali tho mumgolo, ndikavutikirenji?

Ndipo ndinaotcha dzuwa lili paliwombo. Padzuwa chitsulo sichionetsa kufiira kwake, ndiye iwe umati sichinapse pamene chapsereratu. N'chifukwa chake osula amakonda mdima wa m'chisakasa, koma izi ndinazidziwa mochedwa. Ndinachiponya m'ndowa. Chinalira kuti tswiii, kenako kamawu kena kakang'ono kuti ting'. Kamlamu kanafunsa kuti, "Alamu, chalira n'chiyani?" Ndinati ndi mphamvu ikulowa.

Nditayesa ndi tupa, tupa inangoterereka osaluma. Kunyada kwake! Apa ndiulule: bandulo inandithera pamene wandevu uja ananyamula chala n'kunena kuti tsopano tafika pofunika kwambiri. Pofunikapo sindinapaone. Ndinaika sipuling'i yanga, ndinaitana mayi a kunyumba kuti adzaone mwamuna amene anakwatiwa naye, n'kuyamba kumanga. Kuzungulira kamodzi, kawiri, kachitatu phwaa! Chidutswa china chinadutsa pakhutu pa kamlamu n'kukaboola mtsuko wa thobwa wa apongozi aakazi pakhonde. Thobwa linayenderera, nkhuku zinachita phwando. Pothyokapo panali timiyala tonyezimira ngati shuga.

Bandulo yachiwiri inandiphunzitsa zimene ndinaphonya. Chitsulo cha sipuling'i madzi amachiziziritsa mwadzidzidzi mpaka chimachita ming'alu, pamene mafuta amachiziziritsa mofatsa. Komanso chikangoviikidwa chimauma gwa ngati galasi, ndiye umayenera kuchibweza. Umapala ndi mwala kuti chiwale, n'kuchiwamba pamoto pang'onopang'ono ukuyang'ana mtundu: chimayamba ngati udzu wouma, kenako chimaderako, kenako pepo, ndipo chikafika pa buluu, pamadigiri ngati 300, ndiye sipuling'i imeneyo.

Mafuta tsopano. Oyilo wakuda ndikanampeza m'tauni, koma ndani apalasenso, apongozi akubwera mawa? M'nyumba munali chigubu chatsopano cha saladi, malita 5, mpamba wa bizinesi ya vitumbuwa ya mayi a kunyumba. Iwo atapita kudimba ndinakhuthulira m'chitini, n'kuweramira bwinobwino kuti ndione zochitika. Chitsulo chitangolowa, lawi linati lakaa kumaso. Ndinataya chopanira, ndinathawira kumpanda, kamlamu kakugubuduka ndi phwete. Nsidze zonse mbee, ndevu za mbali imodzi zapita, fungo ngati akuwawula mbewa.

Mafuta aja ndinawasefa ndi kansalu n'kuwabwezera m'chigubu mwakachetechete. M'mawa mwake vitumbuwa vinatuluka vakuda, ndipo kasitomala woyamba anafunsa ngati tayamba kukazingira kugalaja. Ndinali ndili pakati powamba, maso pa chitsulo kudikira buluu, pamene ndinamva dzina langa likuitanidwa lonse, ndi la abambo anga lomwe. Pomwe mlandu wa saladi umatha, buluu anali atabwera n'kudutsa. Chitsulo chili phulusaphulusa, ndipo nditachipinda ndi manja sindinafune n'komwe kudziwa zambiri.

Apongozi anafika masana. Anayang'ana vayisi, anayang'ana phale la mtsuko, kenako anayang'ana nthawi yaitali pamene panali nsidze zanga. Sananene kanthu. Anavula jekete, anatola chotsala cha Canter chija, anaotcha, anamenya kangapo, anakhotetsa, n'kuchiponya pansi pamthunzi. Basi anapita kukadya nsima. Atabwerako chinali chitazizira chokha. Anachilowetsa, anamasula, kamwa la vayisi linatseguka lokha mwaulemu.

Ndinanjuta chapatali. "Atate, simuviika?"

"Ndiviike chiyani, akamwini? Ndi mpeni? Ntchito yake n'kukankha kamwa basi. Chitsulo cha galimoto chikazizira pamphepo mphamvu yake imakwana." Anatola chidutswa cha yakale ija n'kundionetsa pothyokapo, theka lili ndi dzimbiri lakalekale. "Iyi inang'aluka dzinja latha. Ndimangodikira tsiku."

Mtima wanga unakhala pansi kwa nthawi yoyamba m'masiku atatu. Ndinalonjeza mtsuko watsopano, ndinalonjeza saladi, aliyense anayamba kuseka za nsidze. Dzuwa litapendeka apongozi anakhala pampando wawo wandalema, anapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa mabatire anayi atsopano ogula ku Katete.

"Iwe," anatero kwa kamlamu, "tanditengera wailesi ija, timveko nkhani."