Camarada wa ku Lizulu

Zaka 14 ndinakhala ndikunyamula makatoni m'nyumba yosungira katundu kunja kwa mzinda wa Leeds, ku England. Mu November 2023 bwana wathu, kamnyamata koti ndikanatha kukabereka, kanatiitana mmodzimmodzi mu ofesi n'kutiuza kuti kampani ikuchepetsa antchito. Kanandikankhira bokosi la tishu poganiza kuti ndilira. Ine misozi inali kutali, m'mutu ndinkachita masamu.

Lamulo la kuno limati chaka chilichonse chimene munthu wagwira ali ndi zaka 41 kupita m'tsogolo amulipire za sabata imodzi ndi theka, zaka za m'mbuyo mwake sabata imodzi. Ine ndinali ndi zaka 52, ndiye zinakwana masabata 19 ndi theka, ndalama zopitirira pang'ono £10,000. Boma silidulapo msonkho ngati sizinapitirire £30,000. Chibadwire sindinagwirepo ndalama zotere tsiku limodzi. Ndinatuluka pageti ndikuyenda monyang'wa ngati kampaniyo ndagula ndine, mvula ikundiwomba kumaso.

Kunyang'wako kunatha sabata yachiwiri. Amene sanakhalepo pakhomo opanda ntchito mu December wa ku Yorkshire sangamvetse. Dzuwa, ngati latuluka n'komwe, limatuluka cha m'ma 8 koloko, pofika 4 koloko madzulo kwada bii. Akazanga amagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo asananyamuke ankatsitsa chotenthetsera nyumba n'kundichenjeza kuti gasi sakudziwa zoti ndachotsedwa ntchito. Ndinkatsala pa sofa, majuzi awiri, chipewa cha ulusi, ndikumeza timapiritsi ta vitamin D timene a zaumoyo amati ife akhungu lakuda tizimwa chaka chonse popeza dzuwa lakuno silitikwanira. Munthu wobadwira ku Africa kumagula dzuwa la m'botolo ku famase!

Pa sofa pomwepo m'pamene Facebook inayamba kundionetsa azungu opuma pantchito amene anasamukira ku Algarve, kummwera kwa Portugal. Onse ofiira ngati tomato wa ku Lizulu, tambula m'manja, kumbuyo kwawo nyanja. Aliyense ankabwereza mawu amodzimodzi: masiku 300 a dzuwa pachaka. Ndinaonera kanema mmodzi, foni n'kundibweretsera ena makumi atatu. Pofika Khirisimasi ndinali nditasamuka kale mumtima.

Ndinadikira tsiku limene akazanga anadya bwino.

"Mayi, ndaganiza. Tisamukire ku dziko lotentha."

"Lotentha?" Anaika supuni pansi. Akazangawa kwawo ndi ku Nsanje. "Abambo, ngati mukufuna kutentha tiyeni kwathu mu October. Mukakagona panja masiku atatu mukudzipepesera ndi katoni, mudzabwera kuno mukupsompsona chisanu."

Ndinawafotokozera kuti sindikunena kutentha kwa nkhanza ayi, koma kwaulemu, kwa ku Ulaya, kokhala ndi chipatala pafupi. Ndiponso Portugal si dziko lachilendo kwa ine. Ndinakulira ku Lizulu, ku Ntcheu, kumene msewu wa M1 ndiwo malire: ukawoloka kukagula kachewere uli kale ku Mozambique. Nthawi ya nkhondo ya Frelimo ndi Renamo, anthu othawa kwawo anadzaza midzi yathu, ndipo ndinkasewera mpira ndi ana awo. Chipwitikizi ndimachidziwa.

"Tayankhulani," anatero.

"Bom dia. Obrigado. Camarada."

"Pitirizani."

"A luta continua."

Mwana wathu wamkazi, amene ankamvetsera ali pa foni yake, anatsamwa ndi tiyi. Kenako, mwa nkhanza za ana ophunzira, anayamba kundiwerengera malamulo. Pasipoti ya Britain imene ndinaivutikira zaka zambiri ija, chiyambire January 2021 imangondilola kukhala ku Portugal masiku 90 pa masiku 180 aliwonse, ngati mlendo wina aliyense. Kufuna kukhazikika ndiye kufunsira viza, ndipo imene azungu a m'makanema aja amatenga, ya D7, imafuna ndalama zolowa zokha mwezi ndi mwezi, monga penshoni kapena lendi, zosachepera malipiro otsikitsitsa a dzikolo, omwe mu 2024 anali €820. Mkazi amawonjezera theka lake. Ine penshoni inali kutali zaka khumi ndi zisanu, ndipo nyumba yanga ya lendi inali ya ku Area 25 ija imene yakhala pa windo levulo kuyambira 2016.

Ndinayankha kuti mapepala ndi nkhani yaing'ono, chachikulu n'kukaona malo. Ndinagula tikiti yotchipa ya ku Faro, pakati pa January, n'kupeza kafulati ka sabata imodzi m'tauni ya asodzi ya Olhão. Mtengo wake unali wotsika modabwitsa, ine n'kumati ndine wochenjera. Tikiti yotchipa imalola kachikwama kamodzi kolowa pansi pa mpando, choncho ndinalongedza makabudula atatu, malaya a maluwa, mapatapata ndi magalasi a dzuwa. Jekete ndinaisiya m'galimoto pabwalo la ndege, mwadala, ngati munthu wotaya ndodo atachira. Akazanga anangokankhiramo chitenje chawo cha msonkhano wa amayi a kutchalitchi. "Muzikayala pamchenga," anatero, nkhope ili phee.

Tsiku loyamba ndinaona ngati ndalota. Maola atatu okha m'ndege, ndinatsika kuli dzuwa lenileni, lokhala ndi mthunzi. Masana kunafika madigiri 17. Ndinayenda m'mbali mwa nyanja mpaka kumsika wa nsomba wa njerwa zofiira, fungo lake ngati pa doko ku Senga Bay. Anthu akumeneko anali m'majekete ndi masikafu, akundiyang'ana miyendo. Ndinawamvera chisoni: anthu osadziwa kuyamika.

Ndiye pa lesitilanti ina anandibweretsera xarém. Abale anga, ndi phala la mgaiwa! Chimanga chenicheni, kungoti amaphikamo tinkhono ta m'nyanja ndi nyama ya nkhumba, ndipo n'cholowa pakati, phala si phala, nsima si nsima, ngati yophika mwana amene akuphunzira kumene kugwira mthiko. Ndinajambula n'kutumiza kunyumba ndi mawu akuti: "Ngakhale nsima iliko. Yambani kulongedza." Yankho linabwera lalifupi: "Kwada kale kumeneko?"

Kunada cha m'ma 6 koloko. Nditatsekula chitseko cha fulati ija ndinamva ngati ndalowa m'chipinda chosungira nyama kubutchala. Zimene makanema aja sanena n'zakuti nyumba zambiri zakumeneko anazimangira chilimwe. Pansi matailosi, makoma oyera opanda chotchinga kuzizira, mawindo a galasi limodzi, ndipo mapaipi otenthetsa nyumba ngati a ku England mulibe. Zonse anazikonza kuti kutentha kuzituluka, ndipo kumatulukadi, ngakhale kwa m'thupi mwako. Usiku panja kumatsika mpaka madigiri 8 kapena kucheperapo, m'nyumba chimodzimodzi, kuwonjezapo chinyezi cha kunyanja. Bulangete linali limodzi, lopyapyala ngati mpango, lonunkha nkhungu.

Ine ndine wa ku Ntcheu, kuzizira kwa June ndimakudziwa. Koma kwathu kukazizira pamakhala mbaula, pamakhala anthu oti uwothe nawo. Apa ndinavala makabudula onse atatu, malaya onse, n'kudzikulunga chitenje cha amayi chija, vesi la m'Baibulo lili pamsana. M'kabati ndinapezamo kahita kamagetsi. Ndinakayatsa, n'kuyatsanso uvuni n'kusiya chitseko chake chotsekula, kenako ndinati tiyi angathandize. Nditangodina ketulo, phethi! Mdima.

Poyamba ndinaseka ndekha, kuti kuzima kwa magetsi kwanditsatira kuchokera kumudzi. Nditasuzumira pawindo, nyumba zonse zinali zowala. Ndinadzamva pambuyo pake kuti ku Portugal nyumba iliyonse imasankha mlingo wa magetsi amene ingakoke nthawi imodzi, ndipo mafulati ang'onoang'ono ambiri amakhala pa 3.45 kVA. Hita, uvuni ndi ketulo pamodzi, magetsi amadzidula okha. Usiku umenewo zimenezi sindinkazidziwa. Ndinangoganiza kuti switchi yaikulu iyenera kukhala panja, pakhonde la masitepe.

Akuluakulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Sananene kuti atenge kiyi. Ndinatuluka, kamphepo kanadutsa, chitseko chinati khaa! kumbuyo kwanga. Zitseko zake n'zopanda chogwirira chakunja. Kiyi mkati, foni mkati, pasipoti mkati. Nthawi inali itadutsa 11 koloko. Nyali ya pamasitepe nayo inali yozima yokha pakapita mphindi imodzi, ndiye ndinkati ndikayamba kulingalira za moyo wanga, mdima, n'kuyambanso kupapasa khoma.

Nditaona kuti mano ayamba kuimba, ndinagogoda pakhomo loyandikana nalo. Patapita nthawi chitseko chinatseguka pang'ono, tcheni chili chokoleka. Munatuluka mphuno ya mkulu wina wachizungu, wa zaka za m'ma 70, atavala chijasi, sikafu ndi chipewa, m'nyumba mwake momwe. Anandiyang'ana kuyambira ku mapatapata, makabudula atatu osanjikiza, mpaka pa vesi. Apa m'pamene Chipwitikizi cha ku Lizulu chinayenera kugwira ntchito.

"Bom dia," ndinatero, pakati pa usiku.

Chete.

"Camarada."

Nsidze zake zinakwera. M'mutu mwanga munatsala mawu awiri okha, ndipo obrigado sakanathandiza chifukwa anali asanandipatse kanthu. Ndinakweza chibakera, osati mwadala, dzanja linangokumbukira lokha.

"A luta continua."

Sindinadziwe kuti Apwitikizi pafupifupi theka la miliyoni anabwerera kwawo kuchokera ku Angola ndi Mozambique cha m'ma 1975, ambiri atasiya nyumba ndi minda, ndipo mawu amenewa sawakumbutsa mpira wa ana. Nkhope ya mkuluyo inauma gwa. Chitseko chinayamba kutsekeka, nyali ya pamasitepe nayo n'kuzima. Mumdimamo ndinangodandaula ndekha: "Mayo ine, ndafera chiyani kuno?"

Chitseko chinaima.

"Iwe," anatero mawu a mumdima. "Kwanu n'kuti?"

Ndinayesa ndi mizimu. Ndinapapasa switchi, kuwala n'kubwera, ndipo anali mzungu yemwe uja, tcheni atachotsa. Anabadwira ku Vila Coutinho, kumene lero timati Ulongwe, ku Angonia, kungowoloka malire kuchokera kwathu. Bambo ake anali ndi sitolo. Chinyanja anachiphunzira kwa ana anzake ndipo chinaima pomwe anachisiya ali mnyamata, choncho aliyense kwa iye ndi "iwe". Ine bambo wa ana atatu, wa imvi, ndinaitanidwa kuti iwe usiku wonse, ndipo ndinkavomera kuti "wawa".

"Iwe ndiwe wopusa," anandiuza mokoma mtima, akundipatsa botolo la madzi otentha loti ndikumbatire. "Switchi ili m'nyumba mwako, kuseri kwa chitseko."

Anandikhazika pa sofa, n'kundifunditsa mabulangete atatu olemera ngati matumba a chimanga. Anatulutsa kabotolo ka medronho, kachasu wawo wa zipatso za m'mapiri, kamene kanandiwotcha kuyambira pakhosi mpaka ku zala za kumapazi. Kutentha kumene ndinakwerera ndege kuja ndinakupeza m'kapu ya tiyi. Anandifunsa ngati ku Lizulu kukadali kabichi wamkulu ngati mutu wa munthu, ngati anthu akadavina ngoma, ngati mapichesi a ku Tsangano akadalipo. Mawu ena ankawasaka nthawi yaitali, akawapeza maso n'kunyowa. Nditamuuza za masiku 300 a dzuwa anaseka mpaka kutsokomola. "Dzuwa lili panja. Iwe umagona panja? Kuno jekete timavala polowa m'nyumba, potuluka n'kuvula."

Mwini fulati sanayankhe foni mpaka m'mawa, ndipo anali ku Lisbon. Anatumiza wokonza maloko, amene anatsekula chitseko ndi kapulasitiki m'masekondi ochepa n'kundilipiritsa €90. Nditalowa ndinapeza switchi ija kuseri kwa chitseko, pamalo pomwe ndinatsamira pofuna kutuluka. Pa foni panali mafoni 11 ophonya ochokera kwa akazanga.

Ndikanatha kunama. Koma agogo aja anali ataima pambali panga, ndipo atamva Chichewa pa vidiyo analanda foni. "Iwe mayi! Mwamuna wako anabwera usiku atavala nsalu yako!" Akazanga, amene sanaitanidwepo kuti iwe ndi munthu aliyense chikwatiwire, sanakwiye n'komwe. Anaseka mpaka foni inagwa, ndinkangoona denga la kukhitchini kwathu likugwedezeka.

Masiku asanu otsalawo ndinagula juzi pamsika, ndinkawotha dzuwa pabenchi kuyambira 11 koloko mpaka 3 koloko pamodzi ndi madala ena a m'tauniyo, ndipo madzulo ndinkasankha chimodzi, hita kapena tiyi. Nditatera ku Leeds kunali madigiri 3 ndi mvula yowaza. Ndinathamanga pa malo oimika magalimoto ndili m'kabudula, n'kuikumbatira jekete yanga ngati m'bale wochokera kundende. Kunyumba ndinagwira paipi yotenthetsera ya pabalaza ndi manja awiri, osalankhula.

Mu March ndinapeza ntchito ina, yoyendetsa galimoto yogawa katundu, ndipo hita yake ndimaitsegula mpaka kumapeto. Zotsala za £10,000 zija zinapita ku Area 25, nyumba ija tsopano yafika pa denga. Za kusamuka sitinamalize kukambirana. Ine ndimati Salima, iwo amati akaganiza, agogo a ku Olhão amandiimbira mwezi uliwonse kufunsa kuti iwe ubwera liti. Nkhani ya usiku uja ndinawapempha akazanga kuti ikhale ya m'banja. Lamlungu lotsatira nditalowa m'tchalitchi, mkulu wa mpingo amene amalandira anthu pakhomo, munthu waulemu wake, anandigwira chanza mwachifatse, n'kukweza chibakera pang'ono.

"Mwafika, a Camarada?"