Kamera ya m'thumba yojambulira oimba usiku

Loweruka lapitali ku Nchalo oimba anakwera pa siteji pali mababu awiri okha a jenereta. Foni yanga inatulutsa zithunzi zambuu, woimba gitala nkhope osaoneka. Ndinabwerera kunyumba mtima ukuwawa.

Pano ndikusungira ndalama kamera ya Sony RX100 V. Sensa yake (kachipangizo kolandira kuwala m'kati mwa kamera) ndi ya inchi imodzi, ndipo lenzi imatseguka mpaka f/1.8, motero imalowetsa kuwala kochuluka. RX100 VI imakoka zakutali, inde, koma lenzi yake imayambira pa f/2.8, motero imalowetsa kuwala kocheperapo. Mumdima ngati umenewu ayi, bola ndizingoyandikira siteji ndekha. Shata (kachitseko kolowetsa kuwala) ndizidzaika pa 1/250 ya sekondi kuti manja a woimba ng'oma azioneka bwinobwino, ISO (yowalitsira chithunzi mumdima) pa 3200, fulashi osayatsa.

Chondidetsa nkhawa ndi fumbi ndi thukuta la kuchigwa kuno. Kathumba ka kamerayo ndasoketsa kale kwa atelala ku Ngabu.